Chinakulitsa maulendo a sitima zapanyanja ku China n'chiyani, ndipo alendo ake angafike kuno?

Funso: Ndimagwira ntchito pakampani yokonza maulendo ku Blantyre. Ndakhala ndikumva kuti anthu a ku China akonda kwambiri tchuthi cha pasitima zikuluzikulu zapanyanja, zija zokhala ngati hotela yoyandama. Kodi zinayamba bwanji, maulendo ake amayenda motani, ndipo alendo amenewa tingawayembekezere kuno kummwera kwa Africa?

Yankho: Zikomo mayi. Zimene mwamvazo n'zoona, ndipo msikawu unakula mofulumira zedi. Koma yambani mwadziwa mtundu wa ulendo umene munthu wamba wa ku China amagula: ndi waufupi, wa masiku 5 kapena 6, wopita ku Japan kapena ku South Korea n'kubwerera padoko lomwe ananyamukira, ndipo kawirikawiri amaugula motchipa kudzera kwa ejenti. Pafupifupi zonse zimene ndifotokoze pano, zokoma ndi zowawa zomwe, zikuchokera pamenepa.

Chiyambi chake ndi Julayi 2006, pamene kampani ya ku Italy ya Costa inaika sitima yake, Costa Allegra, ku Shanghai kuti izinyamukira kumeneko. Inali sitima yakale, yonyamula anthu pafupifupi 1,000 okha, ndipo panthawiyo ambiri ankaona sitima ngati basi yapamadzi yongokufikitsa kwinakwake. Zoti munthu angalipire ndalama kuti akagone, kudya ndi kusangalala m'sitima momwemo zinali zachilendo. Royal Caribbean inabwera patapita zaka zochepa, ndipo inkabweretsa sitima zokulirakulira: Voyager of the Seas mu 2012, kenako Quantum of the Seas mu 2015. Kubwera kwa Quantum kunadabwitsa anthu a bizinesi imeneyi, chifukwa inali sitima yatsopano, itangogwira ntchito miyezi yochepa pafupi ndi New York, pomwe chizolowezi chinali choti ku Asia amatumizako sitima zotopa. Mu 2016 anthu a ku China okwera sitimazi anapitirira 2 miliyoni, ndipo dzikolo linakhala lachiwiri padziko lonse, pambuyo pa United States. Mu 2017 anafika pafupifupi 2.4 miliyoni. Zonsezi m'zaka 11 zokha.

Boma nalo linamanga madoko mosanyinyirika. Doko loyamba la alendo ku Shanghai lili mkati mwa mzinda, pamtsinje wa Huangpu, koma sitima zazitali sizingadutse pansi pa mlatho wa Yangpu kuti zikafike kumeneko. N'chifukwa chake mu 2011 anatsegula doko la Wusongkou, pamalo pomwe Huangpu amathira mu Yangtze, ndipo ndilo lakhala likunyamula anthu ambiri kuposa madoko ena onse a dzikolo. Kumpoto kuli Tianjin, lotumikira anthu a ku Beijing, komanso Qingdao ndi Dalian. Kummwera kuli Xiamen, Nansha ku Guangzhou, Shekou ku Shenzhen ndi Sanya pachilumba cha Hainan. Sitima zonyamukira kummweraku zimapitanso ku Vietnam ndi ku Philippines.

Tsono chinawakoka anthu n'chiyani?

Choyamba ndi kuchepa kwa tchuthi. Malamulo a ku China amapatsa wantchito amene wagwira chaka chimodzi mpaka zaka 10 masiku 5 okha a tchuthi cholipidwa pachaka. Wa zaka 10 mpaka 20 amapatsidwa masiku 10, woposa pamenepo masiku 15. Kupatula apo pali tchuthi cha chaka chatsopano cha Chitchaina ndi mlungu woyamba wa Okutobala, pamene dziko lonse limayenda nthawi imodzi. Munthu wotere sangagule ulendo wa milungu iwiri. Mwamwayi, mapu anamukomera. Kuchoka ku Shanghai kukafika pachilumba cha Jeju, ku South Korea, ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo kukafika ku Nagasaki kapena Fukuoka, ku Japan, sikukwana makilomita 1,000. Sitima yoyenda makilomita 35 mpaka 40 pa ola imanyamuka madzulo a tsiku loyamba, tsiku lachiwiri lonse ili pamadzi, lachitatu mmawa yakocheza ku Fukuoka, lachinayi ili pamadzi pobwerera, lachisanu mmawa anthu akutsika ku Wusongkou. Mukawonjezera usiku umodzi mumapeza doko lachiwiri, monga Jeju kapena Kagoshima. Munthu waponda dziko lakunja, wagona masiku 4 pabedi limodzi osamanganso katundu, ndipo Lolemba ali kuntchito.

Chachiwiri ndi viza. Jeju inayamba kale kulola anthu a ku China kulowa popanda viza. Mu Januwale 2015 Japan inayambitsa chilolezo chapadera choti okwera sitima zovomerezeka azitsika padoko popanda viza. Kwa munthu amene sanatulukepo m'dziko, amene amaopa mafomu a ku ofesi ya kazembe ndi makalata a kubanki, zimenezi zinatsegula khomo. Chofunika ndi pasipoti yokhala ndi miyezi 6 isanathe, basi, ngakhale maejenti ena ankafunanso umboni wa ndalama kapena chikole kwa anthu amene ankawakayikira kuti angathawe akafika kutsidyako.

Chachitatu, chimene ine ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zinazo, ndi banja. Ku China n'chizolowezi kuyenda mibadwo itatu pamodzi: agogo, makolo ndi mwana, amene m'mabanja ambiri a m'tauni ndi mmodzi yekha. Yesani kuganiza zoyendetsa agogo a zaka 70 ndi mwana wa zaka 5 m'masiteshoni a Tokyo, muli ndi masutikesi, chilankhulo simukuchidziwa. Pasitima vuto limeneli palibe. Agogo ali ndi chikepe chowakweza, chipatala chaching'ono, chakudya chakwawo ndi antchito olankhula Chimandarini, chilankhulo chachikulu cha ku China. Mwana ali ndi dziwe ndi malo osewerera. Ndiponso kwa zaka zambiri amuna ankapuma pantchito ali ndi zaka 60, akazi 50 kapena 55 (zaka zimenezi zayamba kukwezedwa pang'onopang'ono kuyambira 2025), choncho pali khamu la anthu opuma amene adakali ndi mphamvu ndi nthawi. Iwowa ndi amene amadzaza sitima m'miyezi imene ana ali kusukulu, mitengo ikatsika.

Makampani anafika popanga sitima zoganizira anthu amenewa kuyambira pachiyambi: Majestic Princess ndi Norwegian Joy mu 2017, Spectrum of the Seas ndi Costa Venezia mu 2019. Kusiyana kwake kumaonekera m'zinthu zing'onozing'ono. Mabala amachepetsedwa chifukwa anthuwa sakhalira pabala usiku wonse ngati Azungu, ndipo mipando yowothera dzuwa imachepanso chifukwa ambiri amalithawa dzuwa. M'malo mwake masitolo amakulitsidwa, mumakhala zipinda zapadera zoimbira karaoke, matebulo a masewera a mahjong, malo odyera zakudya za Chitchaina, ndi madzi otentha akumwa paliponse, ketulo m'chipinda. Kulipira kumadutsa pa Alipay ndi WeChat Pay, njira zolipirira pafoni za ku China. Kasino amatsegulidwa sitima ikangotuluka m'madzi a dzikolo, popeza kumtunda kwa China juga ndi yoletsedwa.

Tsopano tifike pa kagulitsidwe ka matikiti, chifukwa inu monga wokonza maulendo apa ndi pamene mungaphunzirepo zambiri.

Ku America ndi ku Ulaya kampani ya sitima imaika mtengo yokha, ejenti amangogulitsa n'kulandira komishoni. Ku China zinayenda mosiyana. Malamulo okhudza maulendo akunja sankapatsa makampani achilendo ufulu wonse wogulitsa okha kwa nzika za dzikolo, komanso makampaniwo analibe maofesi m'mizinda yonse. Ndiye anayamba kugulitsa mwachipiku. Ejenti mmodzi wamkulu ankagula sitima yonse paulendo umodzi, kapena maejenti angapo ankagawana zipinda, wina 500, wina 300. Ejentiyo amalipira kampani ya sitima mtengo womwe agwirizana, kaya zipindazo wazigulitsa kaya ayi, kenako amazigawa kwa maejenti ang'onoang'ono m'zigawo.

Njira imeneyi ndi imene inadzaza sitima mofulumira chonchija. Koma taonani chimene chimachitika sitima zikachuluka kuposa ogula. Tiyerekeze kuti ejenti wagula malo a anthu 1,000 pamtengo wa mayuan (ndalama za ku China) 3,000 munthu mmodzi. Kwatsala masiku 10, malo 200 sanagulidwe. Chipinda chopanda munthu sichimubweretsera kalikonse, ndipo sitima ikanyamuka katunduyo wawola, sangamusunge ngati thumba la chimanga. Choncho amagulitsa pa 1,500, bola apezeko theka. Anzake ataona, nawonso amatsitsa. Ogula amaphunzira msanga: wogula molawirira ndiye amaluza, ndi bwino kudikira mlungu womaliza. Chaka chotsatira palibe amene akufuna kugula molawirira, ejenti akukana mtengo wakale kwa kampani ya sitima, ndipo mtengo wa bizinesi yonse watsika. Kampani ya sitimayo siyingachitepo kanthu chifukwa zipindazo si zakenso, ndipo nthawi zambiri siyinkadziwa n'komwe mayina a alendo ake mpaka masiku ochepa sitima isananyamuke.

Ejenti woluza patikiti amakabweza ndalama zake kumtunda. Sitima ikakocheza ku Fukuoka ndi anthu 4,000, pamafunika mabasi pafupifupi 100 a anthu 40 iliyonse. Ulendo wakumtundawo ankauphatikiza mutikiti ngati waulere, koma wolipira weniweni anali masitolo osadula msonkho, amene amapatsa ejenti ndi woperekeza alendo komishoni pa chilichonse chimene gululo lagula. Pa maola 7 kapena 8 apadoko, ola limodzi kapena kuposa limathera pamzere wa olowa ndi kutuluka, maola awiri m'basi, mphindi zowerengeka pakachisi kapena papaki kujambula zithunzi, nthawi yotsalayo m'masitolo awiri kapena atatu. Wofuna kuyenda payekha ankalipiritsidwa ndalama zina kuti achoke pagulu. Poyamba anthu sankadandaula kwambiri, chifukwa kugula kunali mbali ya ulendowo: mu 2015 anthu a ku China ankasesa miphika yamagetsi yophikira mpunga, mafuta odzola ndi mankhwala m'masitolo a ku Japan mpaka mawu oti bakugai, kutanthauza kugula kophulika, anasankhidwa kukhala amodzi mwa mawu otchuka a chakacho kumeneko. Koma munthu amene wapita kawiri n'kukapezeka m'sitolo yomweyo safunanso kachitatu. Mizinda yolandira nayo inayamba kudandaula kuti mabasi akutseka misewu pomwe ndalama zikupita kumasitolo ochepa okha.

Apa ndi pamene ndimati ziwerengero zija ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu anali ambiri ndithu, koma phindu pa munthu mmodzi linkachepa chaka ndi chaka.

Kenako ndale zinalowererapo. Mu Malichi 2017, South Korea itavomera kuika zida za America zotchingira mizinga zotchedwa THAAD, China inaletsa maulendo a magulu opita kudzikolo. M'mwezi womwewo anthu oposa 3,000 amene anali pasitima ya Costa Serena anakana kutsika ku Jeju, mabasi akuwadikira padoko. Kuyambira pamenepo Jeju, Busan ndi Incheon anachoka pandandanda, ndipo sitima zonse zinakhamukira kumadoko ochepa akummwera kwa Japan. Maulendo anayamba kufanana, chidwi chinachepa. Mu 2018 kampani ya SkySea, imene Ctrip, kampani ya ku China yogulitsa maulendo, ndi Royal Caribbean anaikhazikitsa pamodzi, inatsekedwa. Majestic Princess inapita ku Australia. Norwegian Joy, yopangidwira msika umenewu, inakonzedwanso n'kutumizidwa ku Alaska mu 2019 isanathe n'komwe zaka ziwiri. Chaka chimenecho okwera a ku China anatsika kufika pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo Germany inatenganso malo achiwiri. Onani kuti kutsika kumeneku kunachitika mliri usanabwere.

Nyengo nayo ili ndi mavuto ake, ndipo awa amabwera chaka chilichonse. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala, nthawi yomwe ana ali patchuthi ndipo matikiti ndi odula, ndiyonso nyengo ya anamondwe panyanja ya East China. Kumayambiriro kwa chaka kumakhala chifunga pamathiriro a Yangtze, chimene chimachedwetsa sitima maola ambiri. Woyendetsa sitima ali ndi mphamvu zosintha njira pofuna chitetezo, ndipo mgwirizano wa patikiti umatero. Koma paulendo wa doko limodzi, dokolo likalephereka ndiye kuti ulendo wonse wakunja wapita. Kangapo konse alendo akhala akukana kutsika sitima itabwerera ku Shanghai, akufuna chipukuta misozi. Gwero la mikangano imeneyi nthawi zambiri ndi ejenti amene anagulitsa dzina la mzinda wa ku Japan osafotokoza kuti doko lingasinthe. Wogulitsa wanzeru amanena zimenezi asanalandire ndalama, amasonyeza ndime ya mgwirizano yonena zobwezedwa (kawirikawiri ndi msonkho wa doko lolephereka, osati tikiti yonse), ndipo amatchulanso ndalama ya antchito imene imadulidwa usiku uliwonse pa munthu aliyense pamwamba pa tikiti.

Covid-19 inaimitsa zonse kumapeto kwa Januwale 2020, ndipo China inachedwa kutsegula kuposa maiko ena. Genting Hong Kong, mwini wa sitima za Dream Cruises zimene zinkanyamukira ku Nansha, inagwa mu Januwale 2022. Maulendo akunja anayambiranso mu Meyi 2023 ndi sitima yaing'ono ya Blue Dream Star kuchokera ku Shanghai, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho chiletso cha magulu opita ku South Korea chinachotsedwa. Mu 2024 MSC Bellissima ndi Spectrum of the Seas zinafika ku Shanghai.

Chosintha chachikulu pambuyo pa mliri n'chakuti China tsopano ili ndi sitima yopanga yokha. Adora Magic City inamangidwa ku Waigaoqiao, ku Shanghai komweko, mothandizana ndi kampani ya ku Italy ya Fincantieri, ndipo inayamba kunyamula alendo pa 1 Januwale 2024. Ndi yaitali mamita 323.6, ili ndi zipinda 2,125, imanyamula anthu mpaka 5,246. Kuti muione m'maganizo, Ilala yathu ya panyanja ya Malawi ndi ya mamita pafupifupi 52, ndiye kuti mufole ma Ilala 6 motsatizana. Yachiwiri, Adora Flora City, ndi yokulirapo ndipo anaikonzera doko la Nansha. Kufunika kwa zimenezi n'kwakuti kampani yachilendo ikaona kuti phindu lachepa imasamutsa sitima yake kupita ku Alaska kapena ku Caribbean, monga zinachitikira mu 2018 ndi 2019, pomwe kampani ya dziko lomwelo imakhalabe. Makampani akuyesetsanso kugulitsa okha paintaneti kuti agwire mtengo ndi kudziwa alendo awo, komanso kulola anthu ambiri kuyenda paokha akatsika.

Kudalira maiko awiri oyandikana nawo kukadalipobe. Mu Novembala 2025, ubale wa China ndi Japan utasokonekera pankhani ya Taiwan, boma la China linalangiza nzika zake kupewa Japan, ndipo sitima zingapo zinasintha njira kupita ku South Korea. Ndi nkhani yomweyo ya 2017, yangotembenuka.

Musasokoneze maulendo amenewa ndi a pamtsinje wa Yangtze, pakati pa Chongqing ndi Yichang, a masiku 4 potsetsereka ndi 5 pokwera. Amenewo ndi msika wina wakale wa m'dziko momwemo, wosafuna pasipoti.

Tsopano funso lanu lomaliza. Khamu lija la mamiliyoni silifika kuno, ndipo musawononge ndalama kulikonzekera. Kuchoka ku Shanghai kukafika ku Durban sitima imayenda milungu iwiri yathunthu isanaime paliponse, pomwe munthu wake ali ndi masiku 5. Maulendo ataliatali onyamukira ku China komweko ndi apatalipatali. Wotchuka ndi wa Costa Atlantica mu 2015, wozungulira dziko masiku 86, ndipo okwera otere amakhala opuma pantchito a ndalama zawo.

Gulu loyenera kuliyang'ana ndi laling'ono: anthu amene amauluka pandege kukakwera sitima kwina. Amenewa amapezeka ku Mediterranean, ku Alaska, pamitsinje ya Rhine ndi Danube kumene kampani ya Viking inayambitsa sitima zolankhula Chimandarini mu 2016, komanso ku Antarctica, kumene mliri usanabwere anthu a ku China anali achiwiri kuchuluka pambuyo pa a ku America. Awa anayendapo kale, amalipira bwino, ndipo atopa ndi masitolo. Kuchigawo chathu angakwere kapena kutsikira ku Cape Town, Durban kapena Port Louis. Sitima zoyendera dera lino zimaimanso ku Maputo, Walvis Bay, Zanzibar ndi Mombasa, koma kuima kwake ndi kwa maola 8 mpaka 10, ndipo wochedwa amasiyidwa. Choncho Malawi, Zambia kapena Zimbabwe sangakhale ulendo wa tsiku limodzi kuchokera padoko. Chimene mungagulitse ndi masiku 3 kapena 4 owonjezera sitima isananyamuke kapena itafika: ndege kuchoka ku Johannesburg kupita ku Chileka, usiku uwiri ku Liwonde kapena Majete, umodzi kunyanja, n'kubwerera.

Wogula wanu weniweni si mlendoyo, ndi ejenti wa ku China amene wasonkhanitsa gululo, kapena kampani ya ku South Africa imene imalandira alendo m'malo mwake. Iwo adzakufunsani zinthu zodziwikiratu: woperekeza wolankhula Chimandarini bwinobwino, mtengo umodzi wophatikiza zonse popanda zowonjezera panjira, ndondomeko ya viza yolembedwa momveka ya dziko lililonse lomwe adutse, madzi otentha akumwa ndi mpunga kapena ndiwo zamasamba zophika pachakudya chilichonse, intaneti yoti WeChat, pulogalamu yawo yolankhulirana pafoni, igwire, ndi zipinda zoyandikana za banja. Ngati masiku owonjezerawo akubwera sitima isananyamuke, bwezani gululo kumzinda wa doko kutatsala usiku wathunthu, chifukwa ndege imodzi ikalephereka ku Chileka mlendo wataya ulendo wonse wa pasitima ndipo mlandu wake ukhala wanu. Pamgwirizano, tengani gawo la ndalama poyamba ndipo lembani tsiku lomaliza lochepetsera chiwerengero cha anthu. Ejenti akakupemphani mtengo wotsika kuposa zimene mwawononga, n'kunena kuti mudzabweza pa komishoni ya masitolo, kanani. Kuno kulibe masitolo a ku Fukuoka oti akubwezereni, ndipo alendo amene amafika mtunda wonsewu abwera kudzaona njovu ndi nyanja.